Mwana wanga akulakwa masamu a ratio: vuto lili pati?

Funso

Ndine mayi, ndimakhala ku Rosettenville kuno ku Johannesburg. Mwana wanga wamkazi ali mu Grade 8, anabwera kuchokera kumudzi chaka chatha. Kuwonkhetsa, kuchotsera, kutaimusa ndi kugawa amakhoza bwinobwino, koma pa mayeso a teremu ino masamu a ratio ndi proportion walakwa pafupifupi onse. Funso lina linati agawe R840 kwa anthu awiri pa ratio ya 3:4, iye analemba R280 ndi R210. Lina linati anthu 4 amapenta nyumba masiku 6, nanga anthu 8 angatenge masiku angati, iye analemba 12. Ine sukulu ndinalekezera Fomu 2 ndipo zambiri ndinaiwala. Ndimuthandize bwanji?

Yankho

Mayi, mwachita bwino kutumiza mayankho ake enieniwo, chifukwa akuonetsa pamene pagona vuto. Taonani: 840 kugawa ndi 3 ndi 280, ndipo 840 kugawa ndi 4 ndi 210. Kugawako sanaphonye ngakhale pang'ono. Chimene sakudziwa n'choti nambala za mu ratio zikuimira chiyani, ndiye wangogwira nambala zimene waziona n'kuyamba kuzigawa. Ana ambiri olephera mutu umenewu ali chimodzimodzi, dzanja limathamangira kuwerengera mutu usanafunse kuti 3 ameneyu ndi 3 wa chiyani. Ntchito yanu yaikulu ndi kumuzoloweza kunena ndi pakamwa chimene nambala iliyonse ikuimira asanagwire pensulo. Zimenezi mungathe, ngakhale munalekezera Fomu 2.

Yambani ndi nyemba. Werengani nyemba 28, ziikeni pakati pa tebulo, ndipo mumuuze kuti azigawe kwa iye ndi inu pa ratio ya 3:4, kutanthauza kuti iye akatenga 3, inu akupatseni 4, abwerezenso 3 ndi 4 mpaka muluwo uthe. Utha akabwereza kanayi, iye ali ndi 12, inu muli ndi 16. Ndiye mumufunse kuti ulendo uliwonse pamulupo pamachoka nyemba zingati. Akayankha yekha kuti 7, watulukira chimene chinamusowa pa mayeso aja. Ratio ya 3:4 ikunena kuti chinthucho chagawidwa magawo 7 ofanana, wina atenge magawo 3, winayo 4. Pa R840 ija zikhala motere:

Magawo onse: 3 + 4 = 7
Gawo limodzi: R840 ÷ 7 = R120
Woyamba: 3 × R120 = R360
Wachiwiri: 4 × R120 = R480

Akamaliza aziwonkhetsa mayankho awiriwo kuti aone ngati akubweza ndalama imene anayamba nayo. R360 ndi R480 zikupanga R840. Yankho lake lija, R280 ndi R210, likupanga R490, ndiye R350 yapita kuti? Komanso mwa iye munthu wa magawo 4 analandira zochepa kuposa wa magawo 3, zomwe sizingatheke. Kuyesa yankho kotereku sikutenga ngakhale mphindi imodzi, koma ana ambiri sachita chifukwa palibe anawauzapo.

Pali msampha wina umene umagwira mwana akangodziwa njira imeneyi. Amayamba kuwonkhetsa nambala za ratio ndi kugawa pa funso lililonse, osawerenga kuti ndalama yaperekedwayo ndi ya chiyani. Ratio imodzi yomweyo angaifunse m'njira zitatu, ndipo apa ndi pofunika kukhalapo nthawi. Titenge abale awiri amene akugawana phindu la geni pa ratio ya 2:5. Funso likati phindu lonse ndi R1 050, ndalamayo ikuimira magawo 7, gawo limodzi ndi R150. Likati wamng'ono walandira R300, ndalamayo ikuimira magawo 2 okha, ndiye tigawa 300 ndi 2, tipeza R150 yomwe ija, ndipo wamkulu alandira 5 × R150, yomwe ndi R750. Likati wamkulu walandira R450 kuposa mng'ono wake, ndalamayo ndi kusiyana kwawo, ndipo kusiyana kwa magawo 5 ndi 2 ndi magawo 3, ndiye 450 kugawa ndi 3, R150 kachiwiri. Mafunso atatu onsewa amafika pa gawo limodzi. Chosintha ndi chiwerengero cha magawo amene nambala yaperekedwayo ikuimira. Mumuuze azijambula timabokosi, tiwiri pamzere wapamwamba ndi tisanu pamzere wapansi, kenako aloze ndi chala timabokosi timene ndalama ya m'funso ikukwanira. Mwana amene amajambula timabokosi salakwa kawirikawiri funso la kusiyana, lomwe ndi limene limagwetsa ambiri.

Chinthu china chosokoneza ndi kusiyanitsa ratio ndi fulakishoni. Tiyerekeze kuti pa botolo la Oros, kapena Sobo wakwathu uja, palembedwa kuti musakanize gawo limodzi la juwisi ndi magawo 3 a madzi. Ratio ndi 1:3. Mukafunsa ana kuti juwisi ndi gawo lanji la chakumwa chonse, ambiri amati 1/3. Ayi, ndi 1/4, chifukwa m'jagimo muli makapu 4, imodzi ya juwisi ndi atatu a madzi. Pofuna malita 2 a chakumwa, juwisi akhala 500 ml ndipo madzi 1 500 ml. Ratio ikuyerekeza juwisi ndi madzi, pamene fulakishoni ikuyerekeza juwisi ndi zonse zimene zili m'jagi. Muchite naye zimenezi kukhitchini ndi kapu yeniyeni, aone ndi maso. Dongosolo la nambala nalonso n'lofunika: funso likati ratio ya anyamata kwa atsikana ndi 3:4, 3 ndi wa anyamata chifukwa ndiwo atchulidwa poyamba. Azilemba mawu pamwamba pa nambala iliyonse, anyamata pamwamba pa 3, atsikana pamwamba pa 4, asanapitirire.

Muzu wa zolakwa zambiri, ngakhale kwa ana a makalasi apamwamba, ndi kuwonkhetsa pamene pakufunika kutaimusa. Mmisiri womanga akasakaniza ndowa imodzi ya simenti ndi ndowa 3 za mchenga, ndiye akufuna kuthira ndowa 4 za simenti, mchenga ukhale wochuluka bwanji? Mwana amaganiza kuti simenti yawonjezeka ndi ndowa 3, mchenganso uwonjezeke ndi 3, n'kulemba 6. Koma ndowa iliyonse ya simenti imafuna ndowa 3 zakezake za mchenga, ndiye ndowa 4 zifuna 12. Zimene wachita mbali imodzi potaimusa kapena pogawa, achitenso mbali inayo. Kuwonkhetsa nambala yofanana mbali zonse kumasintha ratio: 4:6 ndi 2:3, si 1:3 ayi.

Kuchepetsa ratio sikuvuta kwa mwana wodziwa kugawa ngati wanuyu. 18:24 agawe mbali zonse ndi 6, apeza 3:4. Vuto limabwera pa miyeso. Ratio imayerekeza zinthu za muyeso umodzi, ndiye 50 cm kwa 2 m si 50:2. Asinthe kaye mamita akhale masentimita, 50:200, yomwe ndi 1:4. Chimodzimodzi 50c kwa R4 ndi 50:400, kapena 1:8. Nthawi ndiye imapweteka kwambiri chifukwa siyenda ndi 100. Mphindi 45 kwa maola 2 ndi 45:120, yomwe ndi 3:8. Ola limodzi ndi theka ndi mphindi 90, osati 150, ndipo maola 2 ndi mphindi 30 polemba ndi desimo ndi 2,5, osati 2,3. Ratio ikakhala ndi madesimo, monga 1,2 : 0,8, ataimuse mbali zonse ndi 10 kuti ikhale 12:8, kenako 3:2. Ikakhala ndi mafulakishoni, monga 1/2 : 1/3, ataimuse mbali zonse ndi 6, apeza 3:2.

Mwaona kuti talemba 2,5 ndi koma. Ichi muchiyang'anitsitse, popeza mwanayo wachokera kumudzi posachedwa. Ku Malawi desimo timalemba ndi kadontho, ndipo koma imalekanitsa masauzande, monga K1,500. M'mabuku a sukulu za kuno ku Joni koma ndiye desimo, ndipo masauzande amawalekanitsa ndi mpata, monga 50 000. Mwana wozolowera zakwathu akaona 1,500 kg angawerenge makilogalamu chikwi ndi mazana asanu pamene funso likunena kilogalamu imodzi ndi theka. Tsegulani kope lake muone ngati wazolowera kale.

Tsopano tibwere ku proportion. Pali mitundu iwiri, ndipo funso lachiwiri limene analakwa lija likuchokera pa kusasiyanitsa mitunduyi.

Mtundu woyamba, umene m'kalasi amautcha direct proportion, ndi pamene zinthu ziwiri zimakwerera limodzi: ichi chikawirikiza kawiri, chinacho chiwirikizanso kawiri. Njira yodalirika ndi kupeza mtengo kapena muyeso wa chinthu chimodzi. Ngati buledi 3 ndi R54, mmodzi ndi R18, ndiye 7 ndi R126. Abale athu ogwira ntchito za m'magadeni amachita samu imeneyi posakaniza petulo ndi oilo wa makina otchetchera udzu a two-stroke. Pa makina amene alembedwa 50:1, magawo 50 ndi petulo, limodzi ndi oilo. Chigubu cha malita 5 ndi 5 000 ml, kugawa ndi 50, oilo wofunika ndi 100 ml. Makina olembedwa 25:1 amafuna 200 ml pa chigubu chomwecho. Onani kuti nambala yaing'onoyo, 25, ndiyo ikufuna oilo wambiri, chifukwa oilo yemweyo akusakanizidwa ndi petulo wochepa. Oilo akachepa injini imatentha n'kugwirana, akachuluka imafuka utsi ndi kuda pulagi. Ngati pakhomo pali munthu wa ntchito imeneyi, amuonetse mwanayo kabotolo koyezera kaja, chifukwa mizere ya pakabotolo imeneyo ndi ratio yolembedwa kale.

Mtundu wachiwiri amautcha indirect kapena inverse proportion: ichi chikawirikiza kawiri, chinacho chimatsika ndi theka. Funso la openta lili apa. Mwana wanu anaona kuti anthu achoka pa 4 kufika pa 8, kawiri, ndiye masiku nawo anawawirikiza kawiri n'kupeza 12. Musamuuze yankho. Mufunseni m'Chichewa kuti, kumunda mukakhala anthu ambiri polima, ntchito imatha msanga kapena mochedwa? Adzayankha yekha kuti msanga, ndipo adzaona kuti 12 sangakhale yankho chifukwa ndi wamkulu kuposa 6. Powerengera, apezenso za mmodzi: anthu 4 akatenga masiku 6, munthu mmodzi yekha angatenge 4 × 6, masiku 24. Ntchito yonse ndi ya masiku 24 a munthu mmodzi. Anthu 8 akaigawana, 24 ÷ 8, masiku 3. Anthu 3 angatenge masiku 8. Apa pofuna za mmodzi timataimusa, pamene pa buledi paja timagawa, ndipo chifukwa chake n'chomveka: buledi mmodzi ndi wotchipa kuposa atatu, koma munthu mmodzi amachedwa kuposa anayi.

Liwiro ndi nthawi zimayendanso motero. Tiyerekeze ulendo wa makilomita 60 pa msewu wa N1. Pa liwiro la 120 km pa ola ndi mphindi 30, pa 80 km pa ola ndi mphindi 45, pa 60 km pa ola ndi ola lathunthu. Mukataimusa liwiro ndi nthawi mupeza mtunda womwewo nthawi zonse. Iyi ndiyo njira yozindikirira mitundu iwiriyi akapatsidwa tebulo la nambala. Ngati kugawa nambala ziwiri zoyang'anizana kukupereka yankho lofanana paliponse, 54 ÷ 3 ndi 126 ÷ 7 zonse 18, ndi direct. Ngati kutaimusa ndiko kukupereka yankho lofanana, 4 × 6 ndi 8 × 3 zonse 24, ndi indirect. Choncho funso loyamba asanawerengere chilichonse likhale ili: ichi chikachuluka, chinacho chichuluka kapena chichepa? Alembe pambali mawu akuti yankho liposa 6, kapena lichepera 6, kenako awerengere.

Adziwenso kuti si zonse zokwerera limodzi zimene zili proportion. Mwana wa zaka 12 ndi mayi wa zaka 36 ali pa ratio ya 1:3, koma pakatha zaka 12 adzakhala 24 ndi 48, yomwe ndi 1:2, chifukwa zaka zimawonkhetsedwa. Malaya amodzi akamauma maola 2 pachingwe, malaya asanu oyanikidwa nthawi imodzi aumanso maola 2 omwewo. Aphunzitsi abwino amaponyamo mafunso otere kuti aone amene akuganiza.

Mwina mwanayo wakuuzani kale za cross multiplication, kutaimusa mopingasa kuja. Njirayi ndi yoona ndipo ndi yachangu, koma ife sitilangiza kuti mwana amene akulakwa monga wanuyu ayambire pamenepo, chifukwa imapereka yankho ngakhale nambala zaikidwa molakwika, ndipo mwana sazindikira. Pa buledi uja kulemba koyenera ndi 3/54 = 7/x (x akuimira mtengo umene tikufunawo), buledi pamwamba mbali zonse, ndalama pansi mbali zonse. Ndiye 3 × x = 54 × 7, x = 126. Akasokoneza n'kulemba 3/7 = x/54 apeza R23,14, kutanthauza kuti buledi 7 watchipa kuposa 3. Ndipo akaigwiritsa ntchito mwachimbulimbuli pa funso la openta, 4/6 = 8/x, imamupatsa 12 yemwe uja. N'kutheka kuti ndi mmene anamupezera. Aidziwe, chifukwa adzaifuna ku Grade 9 ndi kutsogolo, koma aiphunzire atakhazikika pa njira ya chinthu chimodzi.

Mu silabasi ya kuno, imene amaitcha CAPS, Grade 8 ili ndi mtundu winanso wa funso: kukweza kapena kutsitsa nambala pa ratio yoperekedwa. Likati increase R60 in the ratio 5:4, ndalama yakaleyo ndi magawo 4 ndipo yatsopano ndi magawo 5. Gawo limodzi ndi R15, yankho ndi R75. Likati decrease pa ratio ya 2:3, yakale ndi magawo 3, gawo limodzi R20, yankho R40. Pokweza yankho liyenera kukula, potsitsa liyenera kuchepa, ndipo zimenezi zokha zimamuuza nambala imene agawire.

Musaganize kuti mutuwu ukatha teremu ino ndiye basi. Ubweranso mu Grade 9, mu Geography, komanso mu Mathematics kapena Mathematical Literacy, chilichonse chimene adzasankhe pofika Grade 10. Mapu amene amagwiritsa ntchito mu Geography amakhala a sikelo ya 1:50 000, kutanthauza kuti 1 cm papepala ndi 50 000 cm pansi, yomwe ndi mamita 500, ndiye 7 cm ndi makilomita 3,5. Msonkho wa VAT kuno ndi 15 peresenti, ndipo mtengo wa pashelefu uli nawo kale msonkhowo. Katundu wa R230 ndi magawo 115, pamene mtengo wopanda msonkho ndi magawo 100. Gawo limodzi ndi R2, mtengo wopanda VAT ndi R200. Ana ambiri, ngakhale akuluakulu, amachotsa 15 peresenti ya 230 n'kupeza R195,50, zomwe ndi zolakwika chifukwa msonkho unawerengedwa pa 200, osati pa 230.

Mukapita kogula zinthu mupite naye. Tinene kuti thumba la ufa la 5 kg lili R60 ndipo la 12,5 kg lili R135. Apeze mtengo wa kilogalamu imodzi pa lililonse: R12 ndi R10,80. Mitengo yeniyeni aione yekha pashelefu, ndipo nthawi zina adzapeza kuti thumba lalikulu silotchipa monga timaganizira. Samu yotere imakhala m'mutu kuposa masamba asanu a m'buku.

Pa Chingerezi cha mafunso, musachite manyazi kugwiritsa ntchito Chichewa pakhomo. Awerenge funso, atseke buku, akufotokozereni m'Chichewa chimene akufunsidwa. Akalephera kufotokoza, vuto ndi chiyankhulo, ndipo kuwerengera kwina kulikonse n'kungotaya nthawi. Mawu ofunika kuwatchera khutu ndi ochepa: altogether kapena in total akunena zonse pamodzi, more than akunena kusiyana, for every akunena ratio, per akunena pa chinthu chimodzi. Polemba mayeso azionetsa sitepe iliyonse pamzere wakewake monga tachitira pa R840 paja, chifukwa njira yolondola imakhala ndi malikisi ake ngakhale yankho lomaliza litaphonyeka. Mafunso oyeserera ali m'buku la masamu la Department of Basic Education limene ana a m'sukulu za boma amalandira mpaka Grade 9. Mafunso atatu kapena anayi pa tsiku, akufotokoza mokweza chimene akuchita, ndi okwanira. Ngati mungakumane ndi aphunzitsi ake, apempheni pepala la mayeso lija kuti mulibwereze limodzi kunyumba.

Mlungu uno mumuyese ndi mafunso atatu awa, ndipo muone mtundu wa cholakwa chake. Loyamba: mabanja awiri akulipira lendi ya R3 600 molingana ndi chiwerengero cha anthu, lina lili ndi anthu 5, lina 3. Yankho ndi R2 250 ndi R1 350. Akalemba R720 ndi R1 200, akadagawabe ndi nambala iliyonse payokha, ndiye mubwerere ku nyemba. Lachiwiri: juwisi ndi madzi pa ratio ya 1:4, chakumwa chonse malita 3, juwisi ndi wochuluka bwanji? Yankho ndi 600 ml. Akati 750 ml, wawerenga 1:4 ngati 1/4, ndiye mutenge kapu ndi jagi. Lachitatu: thumba la ufa limakwanira anthu 6 masiku 10, ndiye kwabwera alendo awiri ochokera kumudzi, likhala masiku angati? Yankho ndi 60 ÷ 8, masiku 7,5. Akati 8, wachotsera 2 chifukwa anthu awonjezeka ndi 2, kumene kuli kuwonkhetsa ndi kuchotsera kuja m'malo motaimusa ndi kugawa. Akati 13 ndi kachidutswa, waitenga ngati direct proportion, ndiye mumufunse ngati ufa umakhalitsa pakhomo pakabwera alendo, ndipo ayambirenso kuchokera pa masiku amene munthu mmodzi angadye thumba lonselo.